Botolo la Bambo Makwinja Lili Pansi pa Nyanja

Lolemba, 14 Julaye

Sabata ija yafika! Lamulungu likubwerali Bambo Makwinja, mkulu wathu wa operekera zakudya pa loji pano, akwera basi kubwerera kwawo ku Phalombe. Zaka makumi atatu ndi chimodzi akunyamula thireyi. Ine anandilandira ndili kamtsikana kochokera ku Dedza, kosadziwa kusiyanitsa foloko ya nsomba ndi ya keke, ndipo chilichonse chimene manja angawa amadziwa anaphunzitsa ndi iwowo.

Ndiye Loweruka masana ndiwakhazika patebulo la pakhonde ngati mlendo, ine ndiwaperekere. Abwana avomera. Ndondomeko yanga nayi:

1. Nsalu yoyera, yosita kawiri.
2. Magalasi a mwendo wautali aja amene sitiloledwa ngakhale kuwapumira.
3. Nyama ya ng'ombe. Nsomba ayi, imadana ndi vinyo wofiira.
4. Mawu anga ofotokoza vinyoyo, monga amachitira akatswiri.
5. Botolo.

Pa nambala faifi ndiye pali kankhani.

Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, mlendo wina wokalamba amene ankabwera chaka ndi chaka anawasiyira Bambo Makwinja botolo la vinyo wofiira wa kwawo. Anati ngakhale vinyoyo ali kale ndi zaka khumi, akadali mwana. Agone pamalo ozizira, amdima, osagwedezeka, ndiye adzakoma. Koma chipinda cha Bambo Makwinja n'chamalata, mu Okutobala mungathe kukazingiramo mazira popanda moto. Ndiye anandipatsa ine. "Mwanawanga, sunga. Tidzatsegula tsiku limene ndidzavule yunifomu."

Kwanganso n'kwamalata! Ndinayesa kunsi kwa bedi, ana n'kumaligubuduza. Ndinayesa mumtsuko, apongozi n'kutsala pang'ono kulitunga ndi chikho. Pamapeto pake amuna anga, a Longwe, msodzi wobadwira pompano, anati malo ozizira, amdima, opanda mbava alipo amodzi okha. Tinamata chitsekero ndi phula la makandulo atatu, kulikulunga m'ukonde wakale, kumangirira mwala, iwo n'kukalilowetsa mumng'alu wa pa chirundu, phiri la miyala la pansi pa nyanja pomwe amakoka utaka.

Bambo Makwinja sadziwa. Amayesa lili m'dzenje kuseri kwa nyumba yanga. M'mawa uno andifunsa, "Nkhalamba yathu ikugona bwino?" Ndayankha kuti ikugona tulo tofa nato. Sindinaname.

Masana, nthawi yopuma. Tili m'bwato, ine ndagwira m'mbali ndi manja onse awiri chifukwa kwathu ku Dedza timasambira m'beseni. A Longwe akuti ndisadandaule, msodzi sataya malo. Pamadzi palibe njira, iwo amayeza ndi zapamtunda. Upalase mpaka mtengo wa mango wa kwa a Manda uphimbe chitseko cha tchalitchi. Mbali inayo, mwala wa paphiri ukhale pamutu pa bulugamu wa kusukulu. Zikakumana ziwirizo, uli pamwamba pa malowo ndendende.

Mwala ulipo. Bulugamu alipo. Tchalitchi chilipo. Mtengo wa mango kulibe!

Ndikufunsa kuti wapita kuti. Munthu akungoyang'ana nkhafi. Ndikufunsanso.

"Ama, mtengowo ndi umene mwakhalirawo."

Bwato limeneli anasema chaka chatha. Ndi mtengo womwewo! Ineyo ndinapha nkhuku tsiku limene analilowetsa m'madzi, n'kuyimbanso nthungululu!

Sindiwayankhula mpaka Khirisimasi.

Lachiwiri, 15 Julaye

Ndawayankhula, chifukwa ndiwo odziwa kupalasa.

M'mawa ndikuphunzitsa mphuno. Bambo Makwinja amati vinyo amalawidwa m'magawo anayi: uone, ugwedeze, ununkhize, kenako upsontheko pang'ono. Wamng'ono amamanga lilime ngati nthochi yosapsa, wokalamba amafewa n'kuyamba kutulutsa fungo la zinthu zina. Alendo amati akumva chikopa, fodya, khofi, ndi zipatso zimene ine sindinazionepo ngakhale pachithunzi. Kuti Loweruka ndisadzachite chibwibwi, lero ndanunkhiza:

lamba wa a Longwe (akununkha usipa);
khofi wa kukhitchini (akununkhira khofi);
tsabola wakuda (ndayetsemula kasanu ndi kawiri);
fodya wamphuno wa apongozi, amene iwo amati ndi mankhwala a mano (ndaona nyenyezi dzuwa likuswa mtengo).

Mphuno yanga ili bwino. Ndikuinyadira.

Za mtengo uja, nzeru ndapeza ndine. Chitsa chilipo. Munthu aime pachitsapo ndi nsungwi yaitali, kumapeto kwake timangirire chitenje chofiira, ndiye kuti mtengo wabwerera. Ana ali kusukulu, choncho watsala munthu mmodzi: apongozi. Vuto n'loti iwo ndi mtsogoleri wa amayi kutchalitchi kwathu, mawu oti vinyo sangatuluke pakamwa panga pamaso pawo.

"Mukufunanji m'madzimo, mkamwana?"

Ndati chinthu cha kuntchito.

Andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kulandira nsungwi. Ndawapempha kuti zivute zitani asaitule.

Panyanja zikuyenda! Chitenje chikuoneka bwinobwino, chatsala pang'ono kuphimba chitseko cha tchalitchi. Kenako chasuntha. A Longwe akupalasa kuchitsatira. Chasunthanso. Akupalasanso. Akuti mwina ndi mafunde akutikankha. Chaima. Munthu wavula shati, chubwi m'madzi, wabwera ndi mchenga. Kachiwiri mchenga. Kachitatu wabwera ndi mchenga ndi mkwiyo. Chitenje chayambanso kuyenda!

Tabwerera kumtunda, pachitsa palibe munthu. Apongozi tawapeza kudambo komwe anaviika chinangwa chawo, akufinya kuona ngati chafewa, nsungwi ili chilili padzanja linalo.

"Munati ndisaitule. Ndaitula?"

Sanaitule. Ndangothokoza kuti yewu ama, n'kuwathandiza kunyamula chinangwa.

Kwatsala masiku atatu osakira. Ndi ambiri. Sindikuopa ayi. Kudya kokha ndi kumene kukundikanika.

Lachitatu, 16 Julaye

Nsungwi taimangirira pachitsa ndi mphira. Chitsa sichiviika chinangwa.

Mwera wayamba. Kukuzizira, alendo avala majuzi, akuyitanitsa tiyi m'malo mosambira. Bambo Makwinja akupukuta mipeni, akuyimba chapansipansi nyimbo ya kwawo. "Nkhalamba yathu usaidzutse mwadzidzidzi," akutero. "Uiyimike tsiku lathunthu kuti nsenga zikhale pansi." Ndati chabwino Bambo. Nsenga zokha? Pali mchenga wa nyanja yonse pamwamba pake!

Wogulitsa nyama ku Chintheche wauza akukhitchini kuti ng'ombe apha sabata yamawa. Nambala fili yasanduka mbuzi. Palibe kanthu, mbuzinso ndi yofiira.

Masana ndikufika pagombe, ndapeza mabwato asanu ndi anayi akutidikira! Dzulo anthu anationa tikuthamangitsa chitenje, nkhani yawanda. Zimene ndamva mpaka pano kuti tikufuna:

golide wa mzungu;
injini ya boti;
mfuti;
mphete yanga yaukwati, imene akuti ndinaponya nditakwiya.

Yomalizayo yandipweteka, chifukwa mphete ili pachala pompa, komanso chifukwa Lolemba lija ndinaganizadi zoiponya.

A Longwe akuwauza anzawo kuti palibe chilichonse, tikungoyenda. Ndani amayenda ndi mkazi wake pa mwera, mkaziyo atatseka maso, akupemphera mokweza? Mabwato onse atilondola.

Chitenje chaphimba chitseko. Mwala wakhala pa bulugamu. Ndi pano! A Longwe apuma mpweya wambiri, chubwi! Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo ankalowa pansi ngati katumbu. Lero mutu walowa, mapewa alowa, mimba yakana. Miyendo ili m'mwamba ikupalasa mphepo, asodzi akuwomba nkhafi m'mbali mwa mabwato, akuwerengera. Wina akukuwa, "Ada, kondowole wachuluka!" Ndaseka mpaka kuiwala kugwira bwato. Pepani amuna anga, koma ndaseka.

Atakumbatira mwala waukulu ndiye afika pansi. Akuti palibe chirundu, pali mchenga wokhawokha. Chirundu chonse, phiri lathunthu, chasowa! Akulumbira kuti zizindikiro zalunjika. Ine ndikuti mwina nachonso anasema bwato.

Funde landimenya pamsana kawiri, lachitatu kumaso. Ndafika kuntchito yunifomu ili youma, koma mano akugundana. Bambo Makwinja andipangira tiyi wa mandimu osafunsa kanthu. Ndikanakonda akanandikalipira.

Lachinayi, 17 Julaye

Pakhosi pakukanda. Si kanthu.

Ndadzichepetsa, ndapita kwa a Gondwe, amene amaphunzitsa alendo kusambira pansi pa madzi ndi mabotolo a mpweya kumsana. Ndawauza zoona zonse. Aseka mpaka kukhala pansi pamchenga, kenako ati masana alibe alendo, abwera.

Tisanatsegule malo odyera, Bambo Makwinja andiyitanira kuseri kwa kauntala. Akufuna andionetse kotsiriza momwe amatsegulira botolo lokalamba. Pang'onopang'ono, chifukwa chitsekero chake chimakhala chofooka. Osaphulitsa, chituluke ngati munthu akuusa moyo. Pothira mujagi, kandulo ikhale kunsi kwa khosi la botolo kuti uone nsenga zikamabwera, usiyire pomwepo. Atamaliza, atulutsa chotsegulira chawo m'thumba la malaya, chija cha chigwiriro chamtengo chimene chinachita kusalala ndi zala zawo, n'kundiikira m'manja. "Ku Phalombe ndikatsegula nacho chiyani? Thobwa?"

Pakamwa panga panatseguka kuti ndiulule. Koma ndiulule bwanji? Munthu amene sanaswepo galasi zaka zonsezi anandisungitsa chinthu chimodzi chokha, ine n'kukachiponya m'nyanja! Ndalowa m'chipinda chosungira nsalu, ndalira pang'ono, ndamina, ndatuluka.

Masana mabwato ndi khumi ndi awiri. Mayi wina wabwera ndi zitumbuwa kudzagulitsa kwa oonerera. A Gondwe alowa pomwe a Longwe akuloza, akhala pansi nthawi yaitali, thovu lokha likutuluka. Zimene avuula:

mapatapata atatu, onse a kumanzere;
nangula wa a Manda amene anasowa kalekale (asangalala kwambiri);
magalasi a dzuwa;
foni;
mano oyikirira, a m'mwamba okha;
mabotolo khumi ndi anayi, palibe ngakhale limodzi la vinyo.

Nawonso akuti pamenepo palibe chirundu. A Longwe akwiya, akuti munthu wovala mapazi a chule sangawaphunzitse nyanja imene agogo awo anabadwiramo. A Gondwe akuti nyanjayo aione kaye ndi maso. Ine ndili pakati, ndikuyetsemula.

Mbuzi ija mwini wake wasintha maganizo, akuti ili ndi bere. Nambala fili tsopano ndi nkhuku. Nkhuku ndi yofiira? Ukaiwotcha kwambiri.

Mphuno yakumanzere yatseka. Yakumanja ikugwirabe ntchito, khofi ndikumumva chapatali.

Lachisanu, 18 Julaye

Zonse ziwiri zatseka! Ndaika mphuno m'botolo la parafini, zii. Ndanunkhiza lamba wa a Longwe, zii. Sabata yonse ndikuiphunzitsa, lero yanyanyala.

Ndadzuka nditatsimikiza kuti ndikaulula. Ndikuchapa kumaso, apongozi afika, akhala pakhonde, ayala chitenje pamiyendo. Ndikudziwa kakhalidwe kameneka.

"Mkamwana, vinyo m'Baibulo alimo. Chimene ndafufuza osachipeza ndi kuimika apongozi pachitsa ngati choopsezera mbalame."

Akudziwa! Akuti mudzi wonse ukudziwa, a Gondwe anauza akazi awo, akazi awo anauza amayi a kwaya. Ndagwada, ndapepesa. Andisiya ndigwade kanthawi ndithu, kenako atembenukira kwa mwana wawo, n'kufunsa kuti akuyeza ndi chiyani. A Longwe afotokoza za mtengo ndi chitseko.

"Chitseko chiti?"

Chitseko cha tchalitchi, ama.

"Iwe, tchalitchi tinachikuza liti? Njerwa ndinasenza ndine pamutu panga pano. Chitseko chakale chinali pomwe pali windo lachitatu. Ukanamabwera kumapemphero sabata iliyonse bwenzi ukudziwa."

A Longwe angoti kukamwa yasa. Masiku onsewa takhala tikuyeza ndi chitseko cha zaka zisanu zokha! Ndikanawanena, koma nanenso ndimalowa pachitseko chimenecho Lamulungu lililonse, ndinayimba nawo tsiku lochitsegulira.

Masana. Chitenje pa windo lachitatu. Mwala pa bulugamu. A Gondwe ayang'ana pansi ndi galasi lawo, akweza chala: chirundu chija ichi! Akufuna kuvala zida, a Longwe akana. Akuti anaika ndi iwo, atulutsa ndi iwo. Akumbatira mwala, chubwi.

Ndikuwerenga. Khumi. Makumi awiri. Makumi atatu. Pagombe ngakhale wa zitumbuwa wasiya kuitanira. Makumi anayi. Ndayamba kuwakhululukira za mtengo wa mango. Makumi asanu, ndawakhululukira zonse, ngakhale za chaka chatha zija.

Dzanja latuluka, lagwira chinthu chakuda chokulungidwa m'ukonde. LAPEZEKA!

Ndaimirira m'bwato, ine wa ku Dedza, ndikuyimba nthungululu ndi mphuno yotseka! Asodzi akumenya nkhafi, apongozi pagombe amasula nsungwi pachitsa, akuvina nayo. A Longwe akutsokomola madzi uku akuseka, ndipo kunena zoona sanaonekepo okongola chonchi chikwatirane.

Pamtunda anthu aunjikana. Ndamasula ukonde. Bambo wina wa golide uja akuti, "Botolo basi? Masiku atatu osapita ku utaka chifukwa cha botolo?" Palibe anamuitana.

Pepala la dzina linasungunuka kalekale. Ndere zamera, tinkhono tamatirira, phula lija tinsomba tinalidya mbali imodzi. Koma botolo ndi lathunthu, lodzaza mpaka kukhosi. Ndimakumbuka ngati kale linali lotsikirapo pang'ono, koma zaka zisanu ndi zitatu n'zambiri, munthu umaiwala. Ndalitsuka, ndalipukuta, ndaliimika pakona kuti nsenga zikhale pansi. Ana ndawauza kuti amene ayandikire akagona kwa agogo awo mpaka adzakwatire.

Nkhuku ija yadyedwa ndi alendo a tebulo lachiwiri. Akukhitchini akuti mawa kuli batala, nsomba yabwino yonona. Chabwino! Ndi botolo limeneli ngakhale bonya akoma.

Loweruka, 19 Julaye

M'mawa. Nsalu ndasita katatu. Magalasi ndapukuta mpaka akulira. Mawu anga ndaloweza, kungoti ndi chimfinechi akutuluka ngati ndikuyankhulira mumtsuko.

Madzulo. Ndilembe zonse mwadongosolo.

Thu koloko Bambo Makwinja atulukira pageti la alendo, osati lathu lakuseri. Suti yabuluu, tayi, nsapato zonyezimira. Aima pakhomo kudikira kuti wina awalandire. Ndawalandira, ndawakokera mpando, ndawayalira kansalu pamiyendo. Akukhitchini, ochapa, alonda, a Gondwe, onse akusuzumira pawindo. A Longwe ndi apongozi ali pansi pa mtengo, akunamizira kudikira munthu.

Ndabweretsa botolo pamkono, ndawaonetsa mbali imene panali dzina. Ayang'ana malo opanda pepalawo nthawi yaitali ngati akuwerenga, n'kugwedeza mutu kuvomera.

Chotsegulira chalowa mosavuta. Mosavuta kwambiri. Chitsekero chatuluka chofewa ngati buledi woviika m'tiyi. Ndayatsa kandulo, ndathira mujagi. Mtundu wake si wofiira kwenikweni, ukufanana ndi tiyi wa masamba ophikanso kachitatu. Koma iwo omwe anandiphunzitsa kuti vinyo akakalamba amatuwa. Ndanunkhiza mwaulemu monga mwa lamulo. Zii. Ndiye ndayamba mawu anga: bwana, muno mumva chikopa, mumva fodya, mumva khofi, mumva zipatso za kutali zitapsa bwino.

Ndawathirira pang'ono. Akweza galasi, aliyang'anira pansalu yoyera. Agwedeza. Alowetsa mphuno, atseka maso. Apsontha, ayendetsa m'kamwa, ameza. Apsonthanso, amezanso. Aika galasi pansi, apukuta milomo ndi kansalu, akweza chala chimodzi osandiyang'ana n'komwe.

"Mayi, vinyoyu ndi wowonongeka. Bwezani."

Ndagwira m'mphepete mwa tebulo, zonse zangotuluka nthawi imodzi: malata, mtsuko, makandulo atatu, chirundu, mtengo wa mango, windo lachitatu. Ndikuti Bambo ndikhululukireni, munandisungitsa chinthu chimodzi, ndakuwonongerani zaka zisanu ndi zitatu.

Mapewa awo ayamba kugwedezeka. Ndimayesa akulira. Akuseka! Akuseka mpaka kumenya tebulo, magalasi oletsedwa aja akuvina!

"Mwanawanga, za nyanjazo ndinamva Lachinayi kwa wa zitumbuwa. Muno muli theka vinyo, theka nyanja, ndi kafungo ka nkhono." Apukuta misozi. "Koma tamvera. Zaka makumi atatu ndi chimodzi anthu akhala akundibwezera mabotolo, ena abwinobwino, ine n'kumati pepani bwana, pepani bwana. Masiku onsewa ndimafuna ndidziwe kuti kukweza chala chija kumakoma bwanji. Kumakoma! Akanakhala wabwino ndikanangomwa basi."

Kenako akhwimitsanso nkhope. "Ndiye woperekera amayankha kuti chiyani?"

Ndati pepani bwana.

"Sindinamve."

PEPANI BWANA!

Pawindo paphulika chiphokoso. Wophika wamkulu akudandaula kuti sanaone bwino, mlonda anamutchinga. Bambo Makwinja ati palibe vuto, tibwereze. Tabwereza! Ndabwera ndi jagi, ndathira, agwedeza, anunkhiza, akweza chala. Kachitatu anawonjezera kufunsa ngati abwana alipo, abwana n'kubweradi, manja kumbuyo, kudzapepesa. Apongozi aseka mpaka duku kugwa.

Pamapeto pake ayitanitsa tiyi wamkaka, shuga masipuni atatu, kuti atsukire m'kamwa. Batala adya yense, ati ndi nsomba yabwino kuposa zonse zimene anaperekapo. Kenako alamula kuti matebulo alumikizidwe, aliyense akhale pansi. Akhala kumutu kwa tebulo, akuitana anthu ndi chala, palibe amene akuloledwa kudzithirira yekha madzi kupatula ine, chifukwa ndine ndikuthirira onse.

Sindinasekepo chonchi. Jagi ija ndabwera nayo kunyumba, ndaivundikira ndi mbale. Sindikudziwa chifukwa chake.

Lamulungu, 20 Julaye

Bambo Makwinja tawaperekeza kumsewu ku Chintheche m'mamawa, tisanapite kutchalitchi. Masutikesi awiri, matiresi, wailesi, ndi thumba la ufa wa kondowole limene apongozi awakakamiza. Minibasi isanadzaze n'komwe, ndikuwamva akuuza mayi wokhala naye pampando, "Dzulo ndabweza botolo la zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu." Mayiyo sakudziwa kuti akunena chiyani, koma akuti zikomo.

Pawindo andigwira dzanja. "Magalasi uzipukuta akadali ofunda. Ndipo mlendo akakubwezera botolo, usamuda. Mwina naye wadikira nthawi yaitali." Kondakitala wamenya chitseko, basi, apita.

Zimene ndatsala nazo pa ndondomeko yanga:

nsalu (yathimbirira, banga silichoka);
magalasi (onse ali moyo, zikomo Ambuye);
ng'ombe (ikudya udzu ku Chintheche);
mawu anga (akukhitchini awaloweza, akundiyeserera ndi mphuno yotsina);
botolo (apongozi atenga, akuti n'labwino kusungiramo mafuta ophikira).

A Longwe lero alowa m'tchalitchi, ayima pakhomo kuyang'ana chitseko ngati chawalakwira. Akuti mtengo wina wa mango adzala pachitsa paja, ukakula tidzayesenso, koma ndi makandulo asanu ndi limodzi. Ndati ayi. Chilichonse chimene munthu adzandisungitsenso chidzakhala pomwe ndikuchiona, chitenthe chisatenthe.

Masana ndikusesa, mphuno yangoti tsegu, zonse ziwiri nthawi imodzi. Ndamva utsi wa kwa aneba, ndamva sopo, ndamva usipa uli pathandala. Ndathamangira pakona, ndavundukula jagi ija, ndalowetsa mphuno monga anandiphunzitsira.

Mayo ine! Chikopa mulibe. Khofi mulibe. Muli dambo loviikamo chinangwa, muli pansi pa bwato, muli chinachake chimene chinafa kalekale osaikidwa. Ndapsontha kadontho kamodzi kuti nditsimikize, ndalavulira pakhomo, nkhuku yabwera kudzaona n'kubwerera.

Ndiye kuti bambo aja anamva fungo limeneli galasi lisanafike n'komwe pamphuno. Anandisiya ndimalize mawu anga onse a chikopa ndi zipatso za kutali, osandidula. Anameza kawiri, nkhope osasintha, kuti mwambo wanga uthe bwinobwino monga ndinaukonzera.

Ndakhala pakhonde ndi jagi pamiyendo. Misozi ikungotuluka, ndipo lero sindinganamizire chimfine.